Chopanga ndi chogula: phunziro la m'magalaja a ku Vosloorus

Mnyamata akaphunzira kuwotcherera zitsulo, n'kuona kuti geti loyamba laima bwino ndipo wilibala yoyamba yapeza wogula, mtima wake suchedwa kulakalaka zazikulu. Wina amalota ngolo, wina chigayo, koma alipo amene amalota galimoto yeniyeni, yopangira kuseri kwa nyumba, yosafanana ndi ya munthu wina aliyense. Maloto otere si oseka ayi, pakuti alipo anthu mu Africa muno amene anawakwaniritsa. Komabe yense woyamba ntchito yotere amafika pa mphambano imodzi, ndipo amafikapo kambirimbiri: chipangizo ichi ndisule ndekha, kapena ndikagule?

Funsoli limaoneka ngati la ndalama chabe, koma m'kati mwake muli moyo wa anthu. Wolakwitsa mbali imodzi amamwaza chuma cha banja pogula zinthu zimene akanatha kupanga ndi manja ake. Wolakwitsa mbali inayo amaika pamsewu chinthu chimene tsiku lina chidzakana kuima pamene ana akuwoloka. Mwezi uno tipita ku Vosloorus, m'dziko la South Africa, kumene funsoli limayankhidwa tsiku ndi tsiku, kenaka tibwerera kwathu kuti tione m'mene yankho lake likukhudzira ngolo, ambulansi ya njinga ndi mjigo wa m'mudzi.

Lokeshoni ya pakati pa mafakitale

Vosloorus ili kum'mwera chakum'mawa kwa Johannesburg, m'mbali mwa msewu waukulu wa N3 wopita ku Durban. Inakhazikitsidwa m'chaka cha 1963, pamene boma la tsankho linasamutsa anthu akuda kuchokera ku Stirtonville, kufupi ndi Boksburg. Pamodzi ndi Katlehong ndi Thokoza anthu amaitchula ndi dzina limodzi loti Kathorus, ndipo kuyambira m'chaka cha 2000 ili pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni. Dera limeneli si lachilendo kwa ife. Agogo athu ambiri amene anapita ku Joni pa Wenela anagwira ntchito m'migodi ya golide ya kum'mawa kwa Johannesburg, ndipo lero adzukulu awo ali m'malokeshoni a dera lomweli, ena mwa iwo akupaka penti ndi kuwongola malata m'magalaja.

Lokeshoniyi yazunguliridwa ndi mafakitale a ku Wadeville, Alrode, Germiston ndi Boksburg. Kumeneko kuli ogulitsa zitsulo za mtundu uliwonse, kuli eni makina osemera zitsulo, kuli masitolo a masipeya atsopano, komanso mabwalo ophwasulirako magalimoto akutha. Anthu amene anagwira ntchito m'mafakitalewo anabwera ndi luso kunyumba, ndipo m'dziko limene anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito alibe ntchito, bwalo la kuseri kwa nyumba lasanduka galaja. Choncho mmisiri wa ku Vosloorus ali ndi njira zonse ziwiri pafupi: atha kupanga, athanso kugula. N'chifukwa chake m'mene amasankhira muli phunziro.

Chitsanzo chooneka bwino ndi magalimoto a masewera ozunguza galimoto mpaka matayala kufuka utsi, amene kumeneko amati spinning. Masewerawa anayambira m'malokeshoni m'zaka za m'ma 1980, ndipo bungwe la Motorsport South Africa linawavomereza m'chaka cha 2014. Galimoto yokondedwa pa masewerawa ndi BMW 325i yakale, imene anaipatsa dzina loti gusheshe. Poti mtunduwu analeka kuupanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, gusheshe iliyonse imene ikuyenda lero yadutsa m'manja mwa amisiri kangapo. Ambiri amachotsa injini yakale n'kuikamo ina yamphamvu, kawirikawiri ya Lexus ya masilinda asanu ndi atatu, yogula kwa oitanitsa mainjini ogwiritsidwapo kale ntchito. Zitsulo zokhazikapo injiniyo amasula okha, ekizozi amapinda okha, mawaya amalumikiza okha. Koma injiniyo, giyabokosi ndi mabuleki palibe amene amayesa kuziumba kuseri kwa nyumba. Ndipo amene amatsata malamulo a masewerawa amadziwa kuti galimoto yokonzedwera bwalo la masewera malo ake ndi m'bwalomo, osati pamsewu wa anthu onse.

Ngakhale eni mafakitale amagula

Achinyamata ena amaganiza kuti kugula chipangizo ndi manyazi, ngati kuti galimoto yokhala ndi injini ya Toyota si yako. Mbiri ikutsutsa maganizo amenewa. Kampani ya BMW, imene ili ndi fakitale ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria kuyambira 1973, inatulutsa pakati pa 1985 ndi 1987 galimoto yotchedwa 333i, yopangidwa ku South Africa kokha. Anatenga bodi yaing'ono yofanana ndi ya gusheshe n'kulowetsamo injini ya malita 3.2 ya galimoto yawo yaikulu. Malo anachepa kwambiri moti wogula ankasankha chimodzi, makina oziziritsa m'kati kapena ofewetsa chiwongolero. Anapanga pafupifupi 200 okha, ndipo lero ndi chuma chosowa. Palibe amene amanyoza galimotoyi chifukwa choti injini yake inabwerekedwa.

Kale zimenezi zisanachitike, m'chaka cha 1957, John Myers ndi anzake anapanga ku Johannesburg kagalimoto kothamanga kotchedwa Protea. Bodi anaumba okha ndi fibreglass, koma injini inali ya Ford. Chaka chotsatira, ku Cape Town, Bob van Niekerk ndi Willie Meissner anatulutsa GSM Dart potsata njira yomweyo. Ku Britain, Colin Chapman anayamba kugulitsa Lotus Seven m'chaka cha 1957 ngati zidutswa zoti wogula akalumikize yekha kunyumba, injini yake ya Ford. Ndipo m'chaka cha 1996 Ron Champion analemba buku losonyeza m'mene munthu angapangire galimoto yofanana nayo ndi mapaundi 250: tchesisi uwotcherere wekha ndi mapaipi achitsulo a ngodya zinayi, koma injini, giyabokosi, ekiselo ndi chiwongolero utenge ku Ford Escort yakutha. Magalimoto amenewa amatchedwa Locost, ndipo alipo owapanga ku South Africa.

Nyuzipepala zambiri zinalembapo za Moses Ngobeni wa ku Giyani m'chigawo cha Limpopo, amene anatha zaka pafupifupi zitatu akupanga galimoto ya maloto ake pakhomo. Bodi anasula yekha ndi malata, koma injini, magalasi ndi nyali anatenga ku magalimoto a mitundu ina, ndipo ntchito yonse inamudyera ndalama zoposa R200,000. Onse amene tawatchulawa, a fakitale ndi a pakhomo, anagawa ntchito mofanana: maonekedwe ndi mafupa a galimoto anapanga, mtima ndi miyendo yake anagula.

Pamene khumbo linapitirira muyeso

Pali nkhani ina imene ogwira ntchito za chitukuko ayenera kuidziwa. M'zaka za m'ma 1980 Mngelezi wina, Tony Howarth, anaona kuti magalimoto obwera ku Africa sanapangidwire misewu yathu. Anakonza galimoto yotchedwa Africar, ya bodi ya matabwa a pulayiwudi okutidwa ndi guluu wolimba, kuti akalipentala a kuno azitha kuipanga ndi kuikonza. Magalimoto atatu oyamba, okhala ndi injini za Citroën, anayenda m'chaka cha 1984 kuchokera kumpoto kozizira kwa Ulaya mpaka ku Kenya. Maganizowo anaonetsa kuti ndi otheka.

Koma mwini wake sanakhutire ndi injini yogula. Anafuna kuti Africar ikhale ndi injini ndi giyabokosi yakeyake, ndipo ntchito imeneyo inameza ndalama ndi nthawi. Kampaniyo inatsekedwa m'chaka cha 1988, anthu amene analipiriratu osalandira magalimoto awo. Chimene chinali chatsopano ndi chothandiza, bodi yamatabwa ija, chinafera limodzi ndi chimene sichinafunike kupangidwanso.

Chikathyoka, chichitike n'chiyani?

Pa chipangizo chilichonse, funso loyamba lisakhale la mtengo. Likhale ili: chinthu ichi chikathyoka galimoto ili paliwiro, chichitike n'chiyani? Chitseko chikalephera kutsekeka bwino mudzamanga ndi chingwe n'kukafika kunyumba. Ekizozi ikagwa mudzachita phokoso basi. Koma chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi tayala chikaduka, woyendetsa amasanduka wokwera, ndipo galimoto imapita kumene yafuna.

Tiyeni tiike manambala. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti bwalo la mpira imalimaliza m'masekondi osakwana anayi. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene mabuleki ayenera kuigonjetsa imawirikiza kanayi. Injini yozungulira ka 3,000 pa mphindi imakhala ikuzungulira ka 50 pa sekondi, ndipo mipata ya pakati pa zitsulo zake ndi yochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi la m'mutu. Miyeso yotere siipezeka ndi tepi ndi tupa.

Pali chinanso chimene maso saona. Zitsulo za chiwongolero, zimene amakaniko amati tie rod ndi ball joint, komanso zogwira tayala ndi masipuling'i, zimasulidwa ndi makina amphamvu, kenaka amaziwotcha ndi kuziziziritsa mwa muyeso kuti zikhale zolimba koma zosagamphuka. Moto wowotcherera umafafaniza ntchito yonseyo. Chitsulo choduka chikalumikizidwa ndi moto chimaoneka chatsopano, makamaka chikapakidwa penti, koma pambali pa msoko pamakhala pofooka. Tengani waya muupinde uku ndi uku kangapo: poyamba sukusonyeza kanthu, kenaka uduka mwadzidzidzi. Chitsulo cha pansi pa galimoto chimapindidwa motero pa bampu iliyonse, kambirimbiri pa ulendo umodzi.

Choncho zonse zoimitsa galimoto, zoiwongolera ndi zogwira tayala zigulidwe, ndipo zimene zimatha ndi ntchito, monga mapadi a mabuleki, mapaipi a labala, mabering'i ndi mfundo za chiwongolero, zigulidwe zatsopano. Mapaipi a mabuleki akhale opangidwira ntchitoyo, osati a kopa a madzi. Galasi la kutsogolo likhale la galimoto, limene ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati kuti likasweka lisamwazike. Galasi la pawindo la nyumba limasweka ngati mipeni. Malamba a pampando akhale atsopano, chifukwa lamba amene anagwirapo munthu pangozi watha ntchito yake. Thanki ya mafuta itengedwe yathunthu ku galimoto ina, ndipo thanki imene munakhalapo petulo isayandikire moto wowotcherera, ngakhale itaoneka youma, pakuti chophulika ndi mpweya wotsalira.

Ngakhale mabawuti ali ndi magulu. Pamutu pa bawuti ya galimoto pamalembedwa 8.8 kapena 10.9. Ya 8.8 mphamvu yake ndi kawiri kuyerekeza ndi ya 4.6 imene timamangira mageti, pamene kukula ndi maonekedwe n'zofanana. Tayala nalo lili ndi tsiku lobadwa: manambala anayi a m'mbali mwake, mwachitsanzo 2319, akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala la zaka khumi ndi lokalamba ngakhale mizere yake ikhale yakuya.

Pamene manja ali ndi ufulu

Zikachotsedwa zimenezo, gawo lotsalira mmisiri ndi lalikulu ndithu, ndipo ndi limene limapatsa galimoto nkhope. Bodi ya malata kapena ya fibreglass, pansi popondapo, mipando, malo a mamita ndi maswitchi, zitsulo zokhazikapo injini, rediyeta ndi batire, ekizozi, mawaya, penti: zonsezi n'zoti munthu angaziyeze ndi tepi, kuziona ndi maso, n'kuzibwereza zikalakwika. Zambiri mwa izo sizigulika n'komwe, popeza palibe sitolo yosunga chitsulo cholumikiza injini ya kampani ina ndi tchesisi imene sinakhalepo kale padziko.

Tchesisi ili pamalire. Ikhoza kupangidwa pakhomo, monga achitira opanga Locost, koma moyo wa okwera watsamira pa misoko yake. Woipanga atsate pulani imene ena anaiyesa kale, agule mapaipi atsopano a muyeso wodziwika, osati otola a dzimbiri m'kati, ndipo awotcherere pa tebulo lathyathyathya, akuyeza ngodya ndi ngodya mopingasa kuti ziwiri zifanane. Asanayambe, ayese dzanja lake: alumikize tizidutswa tiwiri, atipane pa vayisi, amenye ndi hamala. Chitsulo chikapindika msoko osaduka, dzanja lakhwima. Msoko ukaduka, apitirize kuphunzira pa mageti, kapena aitane wodziwa.

Izi zikutifikitsa pa njira yachitatu imene ambiri amaiiwala, imene si kupanga ndipo si kugula: kupangitsa. Shafiti yopititsa mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku ekiselo nthawi zambiri imafunika kufupikitsidwa. Yodulira pakhomo imanjenjemera paliwiro mpaka kuwononga mabering'i, kapena kuduka kumene. Amisiri anzeru amainyamula kupita nayo kwa eni makina, amene amaidula, kuilumikiza ndi kuizunguza pa makina mpaka kulemera kwake kufanane mbali zonse. Chimodzimodzi chitsulo chokwatitsa injini ndi giyabokosi ya mtundu wina. Mwini galimoto amabwera ndi muyeso ndi chithunzi, mwini makina amabwera ndi kulondola. Mutu umodzi susenza denga.

Kuwerengera mtengo weniweni

Ambiri amapanga okha poganiza kuti apulumutsa ndalama, koma amawerengera chitsulo chokha. Saika mtengo wa ndodo zowotcherera, malezala a gilayinda, magetsi, zitsulo zoonongeka poyesa koyamba ndi kachiwiri, ndi chida chimene chagulidwira ntchito imodzi kenaka n'kumangochita dzimbiri. Saikanso masiku. Sabata imene yathera posula chinthu chopezeka pa sitolo ndi sabata imene galimoto ya kasitomala yakhala osakonzedwa, ndipo m'nyumba simunalowe kanthu. M'chaka cha 2023, pamene magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku ku South Africa, amisiri a m'malokeshoni anaona kuti ola limodzi la makina owotcherera ndi chuma.

Kugula nakonso kuli ndi nzeru zake. Kugula chidutswa chimodzichimodzi kuchokera ku magalimoto khumi kumadula, ndipo zidutswazo sizimvana. Njira yotchipa ndi kugula galimoto imodzi yathunthu, yoonongeka bodi koma ya mapepala abwino, n'kutengamo injini, giyabokosi, ekiselo, chiwongolero ndi mabuleki, zimene zinapangidwa kuti zigwire ntchito pamodzi. Mabuleki amene anayezedwera kulemera kwina ndi matayala ena sagwira chimodzimodzi akaikidwa pena. Ndipo galimoto yoperekayo ikhale ya mtundu wofala. Ku South Africa kapikapu ka Nissan 1400 kanapangidwa mpaka 2008, ndipo Citi Golf kuyambira 1984 mpaka 2009, moti masipeya ake amapezeka ngakhale m'matauni ang'onoang'ono. Kwathu kuno dzina lofala ndi Toyota. Galimoto simangidwa kamodzi kokha: imamangidwanso pang'onopang'ono zaka zonse za moyo wake, ndipo wosankha injini yosowa wadzimangira goli.

Si chogula chilichonse chimene chili chabwino. Pamsika pali masipeya a kampani yopanga galimotoyo, pali a makampani ena odziwika, pali ochokera ku magalimoto ophwasulidwa, ndipo pali achinyengo, oikidwa m'katoni yokongola ya dzina la eni. Kuyambira pa 1 July 2021, malangizo a bungwe loona za mpikisano pa malonda ku South Africa anapatsa eni magalimoto ufulu wokonzetsa kwa makaniko woima payekha ndi kugwiritsa ntchito masipeya a makampani ena, zimene zinatsegulira mwayi magalaja ang'onoang'ono. Koma ufulu wosankha umafuna maso. Mapadi a mabuleki otsika mtengo modabwitsa, opanda dzina la wopanga, ogulitsidwa ndi munthu amene mawa simudzamupeza, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lisiti nalo ndi chipangizo

Galimoto imene ilibe mapepala ndi chidole chachikulu. Ku South Africa lamulo la pamsewu la 1996 limalola galimoto yopangidwa kuchokera ku zidutswa kulembetsedwa, koma mwini wake ayenera kuonetsa kumene zidutswazo zinachokera. Amalemba chikalata cholumbira n'kuperekanso malisiti. Apolisi amafufuza nambala ya injini ndi ya tchesisi kuti aone ngati si zakuba, ndipo kuyambira pa 1 September 2012 galimoto yofuna chilolezo cha apolisi imathiridwa timadontho ting'onoting'ono tokhala ndi nambala yake. Galimotoyo imakwezedwa pa sikelo, imafunika kalata ya bungwe la NRCS loona za miyeso yokakamiza, ndipo pomaliza imayesedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu.

Apa ndi pamene injini yotchipa yogula usiku imasanduka yodula kuposa zonse. Nambala ikapezeka yofufutidwa, kapena ikakhala m'kaundula wa zobedwa, galimoto yonse imagwidwa, pamodzi ndi thukuta la zaka zitatu, ndipo mwini wake amayankha mlandu. Kwa mlendo wokhala m'dziko la eni, mlandu wotere umalemera kawiri. Lamulo la 2009 loyendetsa malonda a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, limene linayamba kugwira ntchito mu 2012, limafuna kuti ogulitsa zida zophwasula alembetse ku polisi ndi kusunga kaundula wa zimene agula ndi kugulitsa. Wogulitsa wokana kulemba lisiti lokhala ndi nambala ya injini wakuuzani kale zonse zimene muyenera kudziwa.

Ku Malawi galimoto siyenda popanda kulembetsedwa ndi kulandira COF ku nthambi ya Road Traffic, ndipo ku Zambia ntchito imeneyi ili m'manja mwa RTSA. Wofuna kumanga galimoto apite ku ofesi zimenezi asanadule chitsulo choyamba, akamve zimene adzafunsidwe pamapeto. Safunsa anadya phula.

Tikabwerera kumudzi

Ambiri mwa awerengi athu sadzapanga galimoto yothamanga. Koma funso la ku Vosloorus limabwera pakhomo pa mlimi aliyense. Taonani ngolo. Bokosi lake ndi la matabwa a kalipentala wa m'mudzi, mtanda wokokera ndi zitsulo zake ndi za wowotcherera wa pamsika, koma ekiselo, mabering'i ndi malimu n'zochokera ku pikapu yakutha. Makolo athu anagawa ntchitoyi monga anachitira a Protea ndi a Locost, popanda kuwerenga buku. Mlimi wanzeru amasankha ekiselo ya galimoto yofala ndi tayala la saizi yopezeka pa boma, kuti ngolo isagone mwezi wa zokolola chifukwa cha bering'i imodzi. Ndipo ngolo yoyenda m'mbali mwa msewu wa phula madzulo imafunika zonyezimira kumbuyo, zimene n'zogula, zotchipa kuposa ng'ombe imodzi.

Ambulansi ya njinga ili chimodzimodzi. Kabedi ndi denga lake zikhoza kupangidwa ndi amisiri a ku Ndirande, ku Mchesi kapena pa msika wa pa boma. Koma mikombero, masipoko ndi matayala zikhale za njinga wamba, kuti wokonza njinga wa pansi pa mtengo athe kuzisintha usiku umene mayi wodwala akudikira. Cholumikizira ku njinga, chimene chikaduka pamtsetse wodwala agwa, chiyesedwe ndi matumba a chimanga munthu asanagonepo.

Mjigo wa Afridev, umene chiyambi chake chinali ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, unakonzedwa ndi nzeru yomweyi. Anaupanga kuti komiti ya m'mudzi izitha kuutsegula ndi sipanala imodzi n'kusintha yokha timalabala ndi timabushi timene timatha. Koma tizipangizo timeneti n'togula, ta muyeso umodzi kulikonse. Komiti ikadula labala wa tayala kuti ipulumutse ndalama zochepa, mjigo umatulutsa madzi masiku angapo, kenaka umakanda silinda, ndipo chimene chikanatha ndi zopereka za mwezi umodzi chimafuna mmisiri wochokera kutali. Ntchito ya manja ndi ya mudzi, tizipangizo ndi ta m'sitolo.

Ngakhale William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene m'chaka cha 2002 anaimika makina opanga magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14, anatsata malire omwewa. Nsanja anamanga ndi mitengo ya bulugamu, mapiko anasula ndi mapaipi a pulasitiki, zina anatola kotaya zitsulo. Koma dayinamo ya njinga, mtima wa makinawo, inali yogula.

N'zoona kuti kugula kwafika powawa. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 alionse mu November 2023, mtengo wa chilichonse chochokera kunja unakwera, ndipo mtima wofuna kulumikiza choduka m'malo mogula chatsopano unakula. Kusowa kwa ndalama ndi chifukwa chabwino chopangira zambiri ndi manja athu, ndipo amisiri athu ayenera kulimbikitsidwa kutero. Koma sikusintha khalidwe la chitsulo. Ndalama zikachepa, zochepazo zipite ku mabuleki ndi chiwongolero, penti idikire.

Kwa alangizi ndi atsogoleri a magulu

Gulu la achinyamata likabwera kwa inu ndi maganizo opanga galimoto, ngolo yokokedwa ndi njinga yamoto, kapena makina opunthira chimanga, musawatseke pakamwa, komanso musangowaombera m'manja. Khalani nawo pansi ndi pepala, mulembe chipangizo chilichonse, ndipo pa chilichonse mufunse chimene chingachitike chikathyoka, ngati ali ndi njira yochiyesera asanachigwiritse ntchito, ndiponso kumene china chidzapezeke zaka zisanu zikubwerazi. Mayankhowo adzagawa okha zopanga, zopangitsa ndi zogula, ndipo ndi pamenepo pamene bajeti yoona imayambira. Musanavomereze ngongole ya ku banki m'khonde kapena thandizo la bungwe, onani kuti mzere wa zogula uli ndi ndalama zokwanira, chifukwa ndi umene anthu amathamangira kudula zinthu zikathina.

Apezereninso mmisiri wamkulu woti aone misoko yawo, kaya ndi mphunzitsi wa ku sukulu ya ntchito zamanja ya pansi pa TEVETA, kaya ndi wowotcherera wa zaka zambiri pa ntchito. Agulireni kabuku kosungamo malisiti kuyambira tsiku loyamba. Ndipo ayambe ndi chaching'ono chimene chili ndi msika: amene wamanga ngolo khumi zosagwa ndiye woyenera kuyamba kujambula tchesisi. Luso limene limakula motere limadyetsa banja chaka chino, ndipo galimoto ya maloto ikadzatuluka pageti, mayi wa mmisiriyo adzakwera mtima uli m'malo.